Zithunzi ndi vidiyo pa ukwati umodzi: kodi munthu mmodzi angakwanitse?

Mnyamata wina wa ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, wafunsa motere: "Ndakhala ndikujambula zithunzi za maukwati kwa zaka zitatu. Tsopano banja lina lomwe ukwati wawo uli mu October landipempha kuti ndijambule zithunzi ndi vidiyo yomwe, chifukwa ndalama zolembera anthu awiri alibe. Kamera ndili nayo imodzi, DSLR ya Canon, ndipo vidiyo imajambula. Kodi ndivomere? Ndikavomera, ndikonzekere bwanji?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalandire ndalama za anthu. Ambiri funsoli amalifunsa ukwati utadutsa kale, madzi atafika m'khosi.

Ntchitoyo mukhoza kuivomera, koma osati mmene aifotokozeramo. Munthu mmodzi wokhala ndi kamera imodzi sangatole chithunzi ndi vidiyo ya chinthu chimodzi pa nthawi imodzimodziyo. Mkwati akamaveka mkwatibwi mphete, zimatenga masekondi osakwana khumi, ndipo abusa sabwereza. Pa masekondi amenewo chala chanu chidzakhala pa batani limodzi basi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa ntchito yathuyi savumbwa wojambula yekha, limavumbwanso banja lomwe linamudalira.

Ine zinandionekera m'tchalitchi china konkuno ku Mzuzu, nditangopeza kumene kamera yotha kujambula vidiyo. Malumbiro ndinali kuwajambula pa vidiyo bwinobwino. Nditaona mkwati akutambasula dzanja kuti alandire mphete, mtima unandiuza kuti ndisinthe msanga ndipeze chithunzi cha mu alubamu. Ndinasinthadi, koma shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, inali ikadali pa 1/50 ya sekondi, liwiro lochedwa la vidiyo, ndipo dzanja la mkwati linatuluka ngati utsi. Vidiyo nayo inadukira pakati pa mawu. Patatha masabata atatu ndinapita kukapereka ntchito. Mayi a mkwatibwi anakhala pakhonde alubamu ili pamiyendo, akutsegula tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyamba. Sanakalipe. Anangondifunsa mofatsa kuti cha mphete chija chili pa tsamba liti. Ndinalibe choyankha, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinalonjezenso zinthu ziwirizi ndili ndekha.

Eni ukwati sakulakwa poganiza kuti n'zotheka. Kuyambira 2008, pomwe Nikon D90 ndi Canon 5D Mark II zinatuluka zili ndi vidiyo, anthu akhala akuona kabokosi kamodzi kakugwira ntchito zonse ziwiri, ndiye amati wonyamula kabokosiko angathenso zonse ziwiri. Chomwe iwo saona n'chakuti mkati mwa kamera ntchito ziwirizi zimakokerana uku ndi uku.

Tiyambe ndi shutter, chifukwa ndi pomwe ojambula zithunzi ambiri amapunthwa. Pa zithunzi munazolowera 1/200 kapena 1/250 munthu akamayenda, ndipo akamavina mumakweza mpaka 1/500 kuti aime nji. Vidiyo sifuna choncho. Magetsi a kuno kwathu ndi a 50 Hz, choncho kamera iikeni pa PAL, matcheredwe a vidiyo ogwirizana ndi magetsi amenewa, mafulemu (tizithunzi topanga vidiyo) 25 pa sekondi, shutter 1/50. Mukafuna kuti podzakonza muchedwetse mayendedwe, monga mkwatibwi akulowa m'tchalitchi, jambulani mafulemu 50 ndi shutter 1/100. Makamera ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku America amafika ali pa NTSC, matcheredwe ogwirizana ndi magetsi a kumeneko, mafulemu 30 ndi shutter 1/60. Panja simudzaona vuto lililonse. Mukalowa mu holo ya mababu a machubu kapena a LED otchipa aja, vidiyo imayamba kuphethira, mizere ikuyenda kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo kuichotsa pa kompyuta ndi ntchito yowawa. Tsegulani menu ya kamera yanu lero lomwe muone kuti ili pati.

Tsono 1/50 yomweyo imabweretsa vuto lina mukatuluka panja. Dzuwa la mu October masana, pa ISO 100, limakukakamizani kuchepetsa aperture, kabowo ka mu lenzi kolowera kuwala, mpaka cha ku f/22, ndipo kumbuyo konse kumaoneka bwino lomwe: magalimoto, mawaya, mulu wa njerwa. Mankhwala ake ndi ND filter, galasi lakuda lomwe limachepetsa kuwala kolowa mu lenzi. Koma galasi lomwelo mukaliiwala polowa m'nyumba, zithunzi zonse zimatuluka zamdima. Fulashi nayo ndi mdani wa vidiyo: ikang'anima, theka la fulemu limayera mbee, theka lina n'kukhala mmene linalili. Vidiyo imafuna nyali yoyaka mosalekeza, yomwe anthu ena amadana nayo chifukwa imawathobwa m'maso. Ngati kamera yanu ili ndi C1 ndi C2 pa gudumu la pamwamba, sungani matcheredwe a zithunzi pa imodzi, a vidiyo pa inzake, kuti muzisintha kamodzi kokha m'malo mosintha zinthu zinayi. Zimathandiza ndithu, koma mphindi yodutsa yadutsa.

Onaninso mtundu wa Canon yanu. Njira ya Dual Pixel, yomwe imathandiza kamera kutsatira nkhope bwinobwino pa vidiyo, inayambira pa 70D mu 2013. Makamera akale ambiri satsatira munthu woyenda, kapena amangosakasaka, nkhope kuoneka n'kuzimiririka. Ngati yanu ili yotero, muyenera kuphunzira kupotokola focus ndi dzanja, ndipo zimenezi siziphunziridwa pa tsiku la ukwati.

Komabe kusiyana kwakukulu kuli m'thupi mwanu momwe. Wojambula zithunzi ali ngati mlenje wa legeni: waona, waponya, wasuntha. Zaka zitatu zakuphunzitsani kutsitsa kamera mukangokanikiza batani. Vidiyo imafuna muyambe chinthu chisanachitike, muime osagwedezeka, ndipo mupitirize chitatha. Werengani chamumtima mpaka khumi musanaimitse. Vidiyo yoyamba ya wojambula zithunzi aliyense imadziwika ndi timagawo ta masekondi awiri-awiri tosalumikizika, komanso kamera yoyendayenda ngati munthu wofunafuna mwana pamsika.

Ena adzakuuzani kuti ingojambulani vidiyo yokha, zithunzi mudzadula mu vidiyomo. Fulemu ya 1080p ili ndi mamegapikiselo awiri okha, ndipo imangokwanira pafoni. Ya 4K, yomwe ndi 3840 ndi 2160, imapitirira pang'ono mamegapikiselo asanu ndi atatu, ndipo imasindikizika bwino ndithu pa tsamba la alubamu. Vuto n'lakuti inajambulidwa pa 1/50, choncho chilichonse choyenda chimakhala chosaoneka bwino, komanso si RAW, failo yosunga zonse zomwe kamera yaona, yoti mungaikonze kwambiri. Njirayi ndi yopulumukira zikavuta. Musaigulitse ngati zithunzi za ukwati.

Ndiye mutani? Choyamba si kugula chida. Pitani mukakhale pansi ndi mkwati ndi mkwatibwi, ndipo ngati n'kotheka pakhalenso munthu wa komiti ya ukwati, poti nthawi zambiri ndalama zimatuluka kumeneko. Afunseni funso limodzi: mawu akuti vidiyo akutanthauza chiyani kwa iwo? Musadabwe mayankho akasiyana m'chipinda chomwecho. Achinyamata awiriwo kawirikawiri amaganiza za kavidiyo ka mphindi zitatu kapena zisanu, kokhala ndi nyimbo, koika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Makolo akuganiza zina. Iwo akufuna mwambo wonse: ulaliki, malumbiro, kwaya, malangizo a ankhoswe, perekaniperekani yense kuyambira gulu loyamba mpaka lomaliza. Akufuna adzakhale pabalaza Lamulungu masana n'kumalozerana kuti awa ndi azakhali anachokera ku Rumphi aja, awa ndi amalume a ku Karonga. Mabanja ambiri kuno kumpoto, makamaka a ku Mzimba, ali ndi achibale ku Joni omwe anatumiza ndalama koma sanathe kubwera. Kwa iwowo vidiyo yaitaliyo ndiye ukwati wawo. Ine ndimailemekeza kwambiri vidiyo imeneyi, ngakhale ojambula ena amaiona ngati yachikale. Pakadutsa zaka khumi, agogo ena omwe anavina tsiku limenelo adzakhala atatisiya, ndipo mawu awo adzangotsala mmenemo.

Kavidiyo kakafupi munthu mmodzi waluso angakatole m'mipata ya zithunzi. Vidiyo yaitali sangaithe. Imeneyo imafuna kamera yachiwiri yoima pa tripod, yomwe ntchito yake ndi kungoyang'ana kutsogolo osaphethira, ndiponso munthu woiyang'anira. Mutu umodzi susenza denga. Munthuyo sayenera kukhala katswiri. Mng'ono wanu wodekha, kapena mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi, angathe, bola mumuphunzitse zinthu zinayi: kuona kuti kadontho kofiira kakuyaka, kusintha batire, kusintha memory card, ndi kuletsa anthu kuima kutsogolo kwa lenzi. Kamera yachiwiriyo mukhoza kubwereka kapena kuchita hayala kwa anzanu a ntchito yomweyi m'tauni muno. Camcorder wamba ndi yabwino kuposa DSLR pa ntchito imeneyi, chifukwa imajambula maola osaima ndipo imatheka kuilumikiza ku magetsi. Ngakhale foni yabwino imagwira ntchito m'malo owala, mukaiika pa airplane mode kuti wina asaimbe pakati pa malumbiro.

Ngati kamera ya pa tripod ndi DSLR, dziwani malire ake. Ma DSLR ambiri amaima okha akafika mphindi 29 ndi masekondi 59, ndipo ena akale, monga 5D Mark II, amaima failo ikakwana 4 GB, zomwe ndi pafupifupi mphindi 12 zokha. Kamera sikuwa ikaima. Mthandizi wanu aziimitsa ndi kuyambitsanso yekha pa nthawi ya nyimbo kapena zilengezo, kuti isadzaime yokha abusa akufunsa mkwatibwi ngati akulola.

Kamera yanu ya m'manja ikhale ya zithunzi pa mphindi zonse zosabwerezeka: kulowa kwa mkwatibwi, kuvundukula velo, mphete, kusaina, kudula keke. Pamenepo musakhudze batani la vidiyo n'komwe. M'mipata, monga kwaya ikuimba, ana operekeza akufola, amayi akuimba nthungululu panja, kapena mkwatibwi akukonzedwa tsitsi m'mawa, ndi momwe mungatole timagawo ta vidiyo tapafupi tokometsera. Zimenezi muzigawe papepala usiku wa Lachisanu, pulogalamu ya ukwati ili m'manja, osati pamalo pomwepo mtima ukugunda.

Tsopano nkhani ya mawu, yomwe ndikufuna muimvetse kuposa zonse. Anthu amapirira vidiyo yamdima pang'ono kapena yogwedezeka pang'ono. Vidiyo yomwe malumbiro sakumveka, saikhululukira. Maiki ya pa kamera imamva zomwe zili pafupi ndi kamera: kupuma kwanu, kulira kwa lenzi, mwana wolira pa benchi la kumbuyo. Mkwatibwi wamanyazi wolankhula chapansipansi mamita khumi kutsogolo siimumva. Ndipo matchalitchi ndi maholo athu ambiri ndi a malata opanda siling'i. Inu mukudziwa mvula ya Mzuzu mmene imachitira: ikayamba kuwomba padenga, kamera imangomva mvulayo basi. October nthawi zambiri amakhala wouma, koma maukwati a December mpaka April mudzakumana nazo.

Chofunika ndi karekoda kakang'ono, monga Zoom H1n, ndi kamaiki kokoloweka pa jekete. Karekodako kalowe m'thumba lamkati la jekete ya mkwati, kamaiki mukapane pa kolala ya jekete, chapafupi ndi duwa lija, waya abisike mkati. Popeza mkwati, mkwatibwi ndi abusa amaima moyandikana, kamaiki kamodziko kamatola onse atatu. Pa diresi ya mkwatibwi musayese kuikapo kanthu. Tcherani kuti mawu azifika cha pa -12 dB, chifukwa nthungululu ikaphulika mwadzidzidzi mawu otcheredwa mokweza amang'ambika, ndipo ong'ambika sasokeka. Sankhani 48 kHz, kanikizani record, kenako tsekani mabatani ndi hold kuti mkwati akakhala pansi asazimitse mosadziwa. Mumuuzenso mwaulemu kuti kuyambira pamenepo chilichonse chomwe anene chikujambulidwa, ndipo inuyo zomwe mungamve zosakhudza mwambo muzifufute osauza munthu. Ngati karekoda mulibe, foni yachiwiri yokhala ndi kamaiki kotchipa ka waya imaposa maiki ya pa kamera kutalitali. Zida zonse zikayamba kujambula, ombani m'manja kamodzi pafupi nazo. Kuomba kumeneko kudzaoneka ngati kamsonga pa kompyuta, ndipo ndi pomwe mudzalumikizire mawu ndi zithunzi.

Ku holo nkhani ndi ina. Kumeneko mawu onse amadutsa pa mikisa ya DJ, choncho fikani msanga, mupatseni moni, mumupemphe malo otulutsira mawu olowa mu rekoda yanu. Nyamulani mawaya anuanu, a RCA, a jack yaikulu ndi a XLR, chifukwa iye sadzachotsa waya wake kuti akupatseni. Mawu ochokera pa mikisa ndi amphamvu kuposa a maiki, ndiye tsitsani ndipo mvetserani ndi mahedifoni, osangodalira timizere ta pa sikirini. Musadalirenso mikisa yokha. DJ akhoza kusuntha kanthu pakati pa mwambo, kapena magetsi kuzima, jenereta n'kuyamba kubangula kuseri kwa zenera. Kamera ya pa tripod izijambulabe mawu akeake, ndipo isaime pafupi ndi sipika.

Pali china chomwe ife olankhula Chichewa okhala kuno tiyenera kusamala nacho. Maukwati ambiri a mu Mzuzu amayenda m'Chitumbuka, ena m'Chitonga kapena Kyangonde, makamaka malangizo a akuluakulu. Ngati chilankhulocho simuchimva bwino, podula vidiyo khalani ndi munthu wochimva. Ndinaonapo vidiyo yomwe mawu a agogo aamuna anadulidwa pakati pa mwambi, wojambula ataona kuti anthu aseka n'kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Banja linamva kuwawa, chifukwa fundo yeniyeni inali m'mawu otsatirawo.

Za kutchalitchi, pitani mukaonane ndi abusa kapena bambo mfumu masiku angapo ukwati usanafike. Mipingo imasiyana: ina silola fulashi nthawi ya pemphero, ina silola wojambula kukwera kuguwa, ina imakuuzani poti muime. Funsani kuti awiriwo adzayang'ana kuti nthawi ya malumbiro, kuti tripod muiike komwe idzaone nkhope osati misana. Pemphaninso komiti kuti munthu mmodzi aziteteza kanjira ka pakati. Masiku ano mkwatibwi akangotulukira pakhomo, mafoni makumi awiri amadzuka, ndipo ojambula ena ogulitsa zithunzi za pompopompo nawonso amafuna malo omwewo. Mukapanda kukonza zimenezi, kamera yanu ya pa tripod idzajambula misana ya anthu.

Kuwala kwa tsikulo kuli ndi msampha wake. Diresi ndi yoyera, suti nthawi zambiri yakuda, nkhope zathu zakuda. Kamera mukaisiya pa auto, imaona diresi n'kuchepetsa kuwala, nkhope n'kumira. Pa zithunzi za RAW mumakonza pambuyo, koma vidiyo ya DSLR ilibe mpata waukulu wotero. Tcherani pa manual, yang'anani nkhope, ndipo onetsetsani kuti maluwa osokedwa pa diresi akuonekabe. White balance, yomwe imatchera maonekedwe a mitundu malinga ndi kuwala, musaisiye pa auto pa vidiyo, chifukwa mtundu umasinthasintha kamera ikamatembenuka. Panja ikani cha pa 5500 K, m'kati yesani pa nsalu yoyera, ndipo makamera awiriwo muwafananitse mwambo usanayambe.

Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo nyengo yake ili ndi ubwino womwe anzathu a kunyanja amausirira. Mitambo ndi nkhungu zija zimafewetsa kuwala, nkhope n'kuoneka bwino popanda mithunzi m'maso. Koma October ndi mwezi wa dzuwa lolasa, choncho zithunzi za magulu zikajambulidwe pamthunzi wa mitengo kapena wa khoma la tchalitchi. Kumbukiraninso kuti kuno dzuwa limalowa pakati pa 5:30 ndi cha m'ma 6 koloko chaka chonse, ndipo mdima umagwa msanga. Awiriwo akafuna zithunzi za kunyanja ku Nkhata Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 pamsewu wokhotakhota, alangizeni kuti likhale tsiku lina. Pa tsiku la ukwati ulendo umenewo umadya nthawi ya holo, ndipo komiti imadzaloza chala inuyo. Inunso mayendedwe anu muwakonze: pemphani malo m'galimoto lotsogola, chifukwa tripod ndi zikwama ziwiri pa sacramento, njinga ya kabaza, simufika nazo nthawi yabwino.

Perekaniperekani ndiye mtima wa vidiyo yaitali, ndipo amatha maola awiri kapena atatu. Tripod iime chammbali mwa mkwati ndi mkwatibwi, pamalo okwera pang'ono, kuyang'ana komwe anthu akuchokera, kuti nkhope za ofupa zizioneka pamodzi ndi awiriwo. MC akaitana gulu, kaya ndi akuchimuna, akuchikazi, a kuntchito kapena a kumpingo, kamera isaime mpaka gululo litabwerera. Munthu amene wasintha ndalama zake kukhala zing'onozing'ono kuti avine nthawi yaitali amafuna adzadzione. Inu ndi kamera ya m'manja muzizungulira, kutola zithunzi za makolo, ankhoswe, ndi mphatso zikuluzikulu zikamaperekedwa. Gulu lililonse likayamba, tolani zithunzi kaye, kenako masekondi makumi awiri a vidiyo yapafupi: mapazi, manja, ndalama zikugwera m'lichero. Ndipo pamalo pomwe pali ndalama khalani patali ndi otolera ndi owerenga. Chivundikiro cha lenzi chikagwera pakati pa ndalama, pemphani wina wa komiti akutolereni. Mbiri ya wojambula m'tauni yaing'ono ngati ino imayenda msanga.

Mabatire ndi makhadi werengerani ndi pensulo. Batire lomwe limakujambulirani zithunzi mazanamazana, pa vidiyo limatha mu ola limodzi ndi theka kapena awiri, chifukwa sikirini ndi sensa zimakhala zoyaka nthawi yonse. Vidiyo ya 1080p ya ma Canon akale imadya pafupifupi 20 GB pa ola, pomwe 4K ya 100 Mbps imadya 45 GB pa ola, kutanthauza kuti khadi ya 128 GB sifika maola atatu. Pa ukwati uno 1080p ikukwanirani, ndipo laputopu yanu idzapuma bwino. Gulani makhadi olembedwa V30, chizindikiro choti ali ndi liwiro lokwanira vidiyo, ndipo khadi iliyonse yatsopano muiyese ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, chifukwa m'misika muli makhadi abodza olembedwa 128 GB pomwe mkati muli malo ochepa. Khadi yotero imaoneka ngati ikujambula, koma mafailo ake satseguka. Mabatire onse mutchaje pofika Lachinayi, osadikira usiku wa Lachisanu pomwe magetsi angazime.

Mukafika kunyumba, ngakhale mutatopa bwanji, koperani zonse m'malo awiri osiyana musanagone, ndipo makhadi musawafufute mpaka ntchito itaperekedwa.

Pa mtengo, cholakwa chachikulu ndi kuona vidiyo ngati basera. Tsiku lojambula ndi limodzi, inde, koma ntchito yeniyeni ya vidiyo ili pampando. Kulumikiza mawu, kuonera maola asanu kapena asanu ndi limodzi a zomwe munajambula, kudula, kufananitsa mitundu ya makamera awiri, ndi kudikira kompyuta itulutse failo, ine zimanditengera masiku angapo athunthu, kuposa nthawi yokonza zithunzi. Pulogalamu yodulira vidiyo ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchitoyi, koma imafuna kompyuta yamphamvuko, choncho yesani kaye ngati yanu ikukoka. Mu mtengo wanu mulowe malipiro a mthandizi, hayala ya kamera yachiwiri, flash disk yoperekera ntchito ndi masiku okonzawo. Zikatero mtengo wake sungafanane ndi wa zithunzi zokha, ngakhale ungatsikeko poyerekeza ndi kulemba magulu awiri. Lembani zonse zomwe mwagwirizana, ngakhale pa WhatsApp pomwepo: zithunzi zingati, vidiyo yaitali bwanji, idzaperekedwa liti, ndalama zoyamba zingati. Akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga wake usungeni. Zithunzi perekani msanga, vidiyo ipatseni masabata okwanira, ndipo tsiku lomwe mwanena likhale lomwe mungalisunge ngakhale magetsi atavuta.

Nyimbo zokometsera kavidiyo kakafupi zili ndi eni ake. Dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi lomwe limayang'anira za umwini wa nyimbo. Facebook ndi YouTube nazonso zimazindikira nyimbo za eni, n'kutha kuzimitsa mawu a vidiyo yonse. Ine ndimakonda kugwiritsa ntchito mawu a tsikulo: malumbiro, nthungululu, kuseka kwa anthu, pamwamba pa nyimbo yomwe ndili ndi chilolezo chake. Popereka, failo yaikulu ipite pa flash disk, ndipo mupangenso ina yaing'ono ya 720p yotumiza kwa achibale akutali. Pa WhatsApp muitumize ngati document, yomwe imalola mpaka 2 GB, kuti isaphwanyidwe maonekedwe.

Ngati mwayesetsa koma kamera yachiwiri kapena mthandizi sizikupezeka, auzeni eni ukwati zoona zake: mudzawapatsa zithunzi zonse ndi kavidiyo kakafupi ka m'mipata, koma mphete ndi kusaina zidzakhala pa zithunzi zokha. Akati ayi, iwo akufuna mwambo wonse pa vidiyo, athandizeni kupeza mnzanu wa vidiyo, mugawane ntchito ndi ndalama.

October asanafike, pemphani chilolezo kutchalitchi komwe ukwatiwo udzachitikire kuti mukajambule kwaya ikamaphunzira nyimbo mkati mwa sabata. Tengani mthandizi wanu, tripod, karekoda ndi makamera onse awiri. Imikani kamera pomwe idzaime tsikulo, kolowekani kamaiki pa malaya a wotsogolera kwaya, jambulani mphindi makumi anayi osadukiza kuti muone pomwe kamera imaima yokha, inu mukutola zithunzi ndi inayo. Mukabwerako, dulani vidiyo ya mphindi zitatu, muionere pa TV ndi pa foni, mawu mutakweza.